Kuika rekodi ya TLSA pa seva ya imelo popanda kutsekereza makalata

Seva ya wina ikamatumiza kalata ku seva yanu pa port 25, ilibe njira yodziwira ngati satifiketi yomwe mwaionetsa ndi yanudi. Maseva ambiri amangovomera iliyonse, ndipo wakuba akakhala pakati n'kufufuta mawu a STARTTLS (lamulo loyambitsa kubisa kalata), kalata imadutsa yosabisika popanda wodandaula. DANE, yomwe inalembedwa mu RFC 6698 mu 2012, imatseka mpata umenewu: mumalengeza chidindo cha kiyi wanu mu DNS, mu rekodi yotchedwa TLSA, ndipo DNSSEC, njira yosayinira marekodi a DNS, imatsimikiza kuti wolengezayo ndinu. Inabwera panthawi yake, chifukwa mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a DigiNotar ku Netherlands n'kutulutsa satifiketi yabodza ya Google yomwe inagwiritsidwa ntchito pozonda anthu ku Iran.

Ndikukamba za imelo dala. Chrome ndi Firefox sizifufuza TLSA, choncho ine port 443 ya masamba a intaneti sindivutika nayo.

Yambani ndi DNSSEC, chifukwa TLSA ya mu zone (marekodi onse a DNS a domain yanu) yosasayinidwa palibe amaiwerenga. Sayinani zone, kenako tengani rekodi ya DS, yomwe ndi chidindo cha kiyi wosayinira zone, mukaiike kwa omwe munalembetsako domain yanu. Ambiri amaiwala gawo lachiwirili. Ngati kumeneko salandira DS, imani kaye, samukirani kwina. Mukamaliza yesani:

dig +dnssec MX example.org

Pamzere wa flags payenera kuoneka zilembo ziwiri, ad, zosonyeza kuti DNSSEC yatsimikiza yankholo. Zikasowa, mwina resolver (seva yoyankha mafunso a DNS) yomwe mukufunsa sifufuza DNSSEC, mwina unyolo wa masiginecha waduka penapake, ndipo tsamba la DNSViz lidzakujambulirani pomwe wadukirapo.

Tsopano chidindo. Pa seva pomwe pali satifiketi lembani:

openssl x509 -in cert.pem -noout -pubkey | openssl pkey -pubin -outform DER | openssl dgst -sha256

Patuluka zilembo ndi manambala 64, chimenecho ndiye chidindo. Rekodi yake ndi iyi:

_25._tcp.mail.example.org. IN TLSA 3 1 1 chidindo-chija

Yang'anitsitsani dzinalo. Ndi la seva yomwe yatchulidwa mu MX (rekodi yoloza seva yolandira makalata), mail.example.org, osati domain ya pa adiresi ya imelo. Ngati muli ndi MX ziwiri, iliyonse ikhale ndi TLSA yake.

Manambala atatuwo ali ndi ntchito zake. 3 woyamba akuuza wotumiza kuti ayerekeze ndi satifiketi ya seva yeniyeniyo, asafunse kuti anaisayina ndani; pamenepa ngakhale tsiku lotha ntchito salifufuza. 1 wachiwiri akuti chidindo ndi cha kiyi yekha, osati satifiketi yonse. 1 womaliza ndi SHA-256, njira yowerengera chidindo. Pa imelo 0 ndi 1 pamalo oyambawo sagwira ntchito, RFC 7672 inawasiya. Ena amakonda 2 1 1, kuloza satifiketi yapakati yomwe Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi, imasayinira nayo yanu. Ine sindimawalimbikitsa, chifukwa eni ake amasintha masatifiketi amenewo nthawi yomwe afuna: X3 inalowedwa m'malo ndi R3 kumapeto kwa 2020, ndipo mu 2024 panabweranso ena. Wosatsatira nkhani zimenezi amangodzuka makalata ataima.

Vuto lalikulu komabe lili m'nyumba mwanu momwemo. Satifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90, ndipo certbot, pulogalamu yotengera satifiketiyo, ikamaikonzanso imapanga kiyi watsopano mukapanda kuiletsa. Kiyi akasintha, chidindo cha mu DNS chasanduka chabodza. Seva yotumiza yomwe imatsata DANE sikutumizirani kalatayo mwanjira ina ayi, imaisunga pamzere. Postfix, pulogalamu ya seva ya imelo, imadikira masiku 5 kenako n'kuibweza kwa mwini wake. Chopweteka n'chakuti inu simuona kanthu msanga. Makalata a ku Gmail amangofika bwinobwino, poti Google imagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa MTA-STS m'malo mwa DANE, pomwe a ku Exchange Online ya Microsoft, yomwe inayamba kufufuza DANE potumiza mu 2022, ali chiimire. Mumadzamva ndi foni ya bwana.

Mankhwala oyamba ndi kuwonjezera --reuse-key potenga satifiketi, kuti kiyi akhale yemweyo. Koma kiyi sakhala muyaya, ndiye tsiku lomusintha tsatani ndondomeko iyi osadumpha. Pangani kiyi watsopano, musamuike pa seva. Werengerani chidindo chake ndi openssl pkey -in watsopano.key -pubout -outform DER | openssl dgst -sha256 ndipo muchilengeze ngati TLSA yachiwiri pambali pa yakale. Wotumiza amakhutira imodzi ikagwirizana. Dikirani TTL (nthawi yomwe ma resolver amasunga yankho lakale) idutse, ine ndimadikira TTL ziwiri, ndipo TTL ya TLSA ndimaiika pa masekondi 3600 kuti kudikako kusatalike. Mukatero sinthani kiyi ndi satifiketi pa seva, yesani, ndipo pomaliza chotsani rekodi yakale. Nyumba yakale simuigumula yatsopano musanafolere. Kunena zoona, ine TLSA ya kiyi wotsatira ndimaisiya yolengezedwa nthawi zonse, kiyi wake ali potsekeka, kuti seva ikabedwa usiku ndisinthe pomwepo popanda kudikira DNS.

Poyesa, chida chomwe chimabwera ndi Postfix chimakwana:

posttls-finger -l dane example.org

Mufune mawu akuti Verified. Mukaona Untrusted kapena Trusted, DANE sinagwire. Tsamba la internet.nl la ku Netherlands limayesanso zonsezi mukangolemba domain. Musayese tsiku limodzi lokha: ikani kalamulo mu cron (pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika) kotenga satifiketi yomwe seva ikuonetsa pa port 25, kuwerengera chidindo, n'kuyerekeza ndi cha mu DNS. Uthenga wochenjeza upite ku adiresi ya kunja kapena pa foni, osati ku seva yomwe yadwalayo.

Mbali ya kutumiza ndi yachidule. Postfix imadziwa DANE kuyambira 2.11. Mu main.cf ikani smtp_dns_support_level = dnssec ndi smtp_tls_security_level = dane. Pa makina omwewo yendetsani resolver ya Unbound ndipo /etc/resolv.conf iloze 127.0.0.1, chifukwa Postfix sifufuza yokha masiginecha, imangokhulupirira ad yomwe resolver yaiuza, ndipo ad yochokera kutali wina angaipeke panjira. Onetsetsaninso kuti wotchi ya seva ili bwino ndi NTP (njira yokonzera nthawi kudzera pa intaneti), poti masiginecha a DNSSEC ali ndi nthawi yoyambira ndi yothera.