Momwe mungalondolere mbiri ya banja la mwini minda wa ku Prussia

Ana athu a ku Mbare ndi ku Mufakose mumzinda wa Harare amene akuphunzira mbiri ya ku Ulaya amamudziwa Otto von Bismarck ngati mtsogoleri amene anagwirizanitsa dziko la Germany mu 1871, koma ambiri amakakamira akafunsidwa za banja lake. Njira yodalirika yolondolera mabanja ngati lake, a eni minda a ku Prussia (ufumu wakale wa Chijeremani) amene ankatchedwa ma Junker, ndiyo kutsatira munda, popeza ulemu wawo wonse unkachokera m'nthaka.

Yambani ndi kulemba dzina la esiteti iliyonse pamodzi ndi chaka chake. Kwa Bismarck mudzalemba Schönhausen, kufupi ndi mtsinje wa Elbe, kumene anabadwira mu 1815, ndi Kniephof ku Pomerania, chigawo cha Prussia, kumene anakulira ndiponso kumene anabwerera mu 1839 kukayang'anira ulimi limodzi ndi mkulu wake Bernhard. Mukatero onjezerani Varzin, imene anagula mu 1867, ndi Friedrichsruh, kumene anamwalirira mu 1898. Mukamafunafuna malowa pa mapu a lero musataye nthawi ndi mayina akale, chifukwa Kniephof ndi Varzin zinagwera m'dziko la Poland mu 1945, ndipo tsopano zimatchedwa Konarzewo ndi Warcino.

Pa nkhani ya cholowa ndi pamene Mchewa ayenera kusamala kwambiri. Ife tinazolowera kuti mwana ndi wa kuchikazi ndipo mwinimbumba ndi malume, pamene kumeneko dzina, udindo ndi munda zinkatsata abambo, kotero kuti akazi amangotchulidwa mwachidule m'mabuku a mibadwo. Inu musawadumphe, pakuti ukwati ndi umene umaonetsa kumene banja linkatsamira. Mayi ake a Bismarck, a Wilhelmine Mencken, anali mwana wa mkulu wogwira ntchito m'boma, ndipo dzina lawo lilibe kamawu koti "von", kamene kawirikawiri kankasonyeza banja lolemekezeka. Bismarck mwini anakwatira Johanna von Puttkamer mu 1847, mwana wa mwini minda wa ku Pomerania, ndipo anabereka ana atatu, Marie, Herbert ndi Wilhelm.

Samalaninso ndi maudindo, chifukwa munthu mmodzi angaoneke ngati anthu angapo: Bismarck anakhala Graf (udindo waulemu umene pa Chingerezi amati "count") mu 1865, kenako Fürst (kalonga) mu 1871. Kuyambira mu 1919 malamulo a Germany anathetsa mwayi wapadera wa mabanjawa, ndipo "von" anangosanduka gawo la dzina.

Zaka za kubadwa, ukwati ndi imfa zitsimikizeni ndi makaundula a tchalitchi, popeza boma la Prussia linayamba kalembera wakewake mu 1874. Ambiri mwa makaundulawa anajambulidwa ndipo amapezeka pa intaneti, koma analembedwa pamanja m'kalembedwe kakale ka Chijeremani kamene "e" amaoneka ngati "n", choncho tsamba limene lakuvutani mupite nalo kwa aphunzitsi a chinenerochi ku Zimbabwe German Society ku Milton Park.