Kusankha pakati pa Ruger 10/22 ndi Marlin Model 60

Ngati mukufuna mfuti ya .22 LR (mtundu wa zipolopolo zing'onozing'ono) yowombera chandamale pongosangalala, ndipo mtima wanu uli pa Ruger 10/22 ndi Marlin Model 60, musataye nthawi pofunsa kuti yolasa bwino ndi iti, chifukwa pa mtunda wa mamita 25 kapena 50 zonse ziwiri zimachita bwino mukazipatsa zipolopolo zabwino. Choyamba kuganizira ndi kaikidwe ka zipolopolozo.

Marlin, yomwe inayamba kupangidwa mu 1960, imasunga zipolopolo m'kapaipi kamene kali pansi pa mpope, ndipo kuti muikemo zina mumasolola ndodo ya m'kapaipiko n'kumaponyamo chimodzichimodzi, dzanja lanu lili pafupi ndi kukamwa kwa mfuti. Zimenezi zimachedwetsa, komanso zimafuna kusamala kwakukulu, makamaka pophunzitsa munthu amene sanagwirepo mfuti.

Ruger, ya mu 1964, ili ndi magazini (kabokosi koikamo zipolopolo) ya zipolopolo 10 imene imachotsedwa, motero mutha kudzaziratu ingapo musanayambe, ndipo pomaliza mumangoichotsa n'kuyang'ana ngati m'mfutimo simunatsale chipolopolo. Zipangizo zake zosinthira n'zosavuta kupeza, ndipo pa chifukwa chimenechi ine ndimalangiza woyamba kumene kuti atenge Ruger.

Kampani ya Ruger inagula kampani ya Marlin mu 2020, ndipo Model 60 imapezeka kwambiri yogwiritsidwapo kale ntchito. Mukaikonda, yang'anitsitsani kapaipi kaja musanalipire, popeza kakangophwanyika pang'ono zipolopolo zimakakamira m'katimo.