Sikelo inkakwera pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu

Masabata oyambirira nditachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, sikelo m'malo motsika inakwera. Mapazi anatupa, nsapato osalowa, mphete kuthina pachala. Ndinayesa kuchepetsanso kaphala kamene ndinkamwa, koma ndinangoyamba chizungulire. Tiyi wochepetsa thupi amene achemwali anga anandigulira ku Soweto Market mu Lusaka, anamwino anati ndisamulawe n'komwe.

Adokotala atandiyeza anati zambiri ndi madzi. Madiripi a kuchipatala amakhala ndi mchere, ndipo thupi limene langochekedwa limasunga madzi kwa kanthawi. Komanso mankhwala ena opha ululu amamanga m'mimba, ndiye zosatulukazo nazonso zimalemera.

Chimene chinathandiza kwenikweni ndi kumwa madzi, ngakhale munthu wotupa zimamuvuta kukhulupirira. Anandiuza kuti ndizifikitsa malita 1.5 patsiku, koma mopsontha pang'onopang'ono tsiku lonse, chifukwa chifu chatsopanocho sichilandira kapu yathunthu nthawi imodzi. Pabotolo ndinajambula mizere itatu, wa m'mawa, wa masana ndi wa madzulo, kuti ndiziona pamene ndatsalira. Msuzi wa makyubu ndinausiya, n'kumaphika wanga wa nkhuku wamchere wochepa. Za kudzimbidwa anandilembera mankhwala ofewetsa chimbudzi. Ndinkayendanso pabwalo kwathu ku Chilenje, pang'ono pokha koma pafupipafupi. Kutupa kutaphwa, sikelo inayamba kutsika.

Pano ndimadziyeza kamodzi pa sabata, m'mawa ndisanamwe kanthu, ndipo m'chiuno ndimayeza ndi tepi ya atelala yotchipa ya ku Kamwala. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumapweteka, kapena mukamabanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Angakhale magazi oundana m'mitsempha.