Musanalipirenso inshulansi ya maulendo ya chaka chonse, iwerengeni kaye

Inshulansi ya maulendo ya chaka chonse ikatsala pang'ono kutha, kampani imatumiza imelo kapena uthenga wa pa foni wokukumbutsani kulipiranso, ndipo ena amangodula okha pa debit order. Ambirife timangoyang'ana mtengo, tikaona kuti wakwera pang'ono timalipira. Koma kwa Mmalawi wokhala ku Johannesburg, vuto kawirikawiri silikhala pa mtengo. Zikalata za inshulansi zimenezi zinalembedwa poganizira munthu wopita kutchuthi ku Mauritius kapena ku London, osati wopita kumudzi ku Mzimba kapena ku Mangochi kukaona makolo. Ntchito yanu ndi kuona ngati chikalatacho chikugwirizana ndi maulendo amene inuyo mumayenda.

Yambani kukadali milungu itatu kapena inayi. Pemphani schedule, pepala lokhala ndi dzina lanu, masiku ndi ndalama za chilichonse, komanso policy wording, chikalata cha malamulo onse a inshulansiyo, ya chaka chikubwerachi, chifukwa makampani amasintha mawu pamene mukulipiranso. Tsegulani pasipoti, muwerenge zidindo za chaka chathachi, mulembe ulendo uliwonse: munapita kuti, pa basi kapena pa ndege, munakhala masiku angati, munanyamula chiyani.

Pitani kaye pa tsamba lofotokoza matanthauzo a mawu, mufufuze country of residence (dziko limene mumakhala) ndi home country (dziko lakwanu). Inshulansi zambiri zogulitsidwa kuno zimafuna kuti munthu akhale nzika ya South Africa kapena wokhala kuno ndi pemiti yogwira ntchito, ndiponso kuti ulendo uyambire ndi kuthera ku South Africa. Ngati pemiti yanu itha pakati pa chaka, funsani chimene chidzachitike. Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti zikalata zina sizilipira chipatala m'dziko limene ndinu nzika yake. Kampani imawerenga kuti mukafika ku Malawi ndi pasipoti ya Malawi, mwafika kwanu, si ulendo wakunja. Ngati maulendo anu onse ndi a kumudzi, ndiye kuti chaka chonse mumalipirira chinthu chimene sichikanakuthandizani. Funsani mosabisa: "Ndili ndi pasipoti ya Malawi, ndimakhala ku Johannesburg. Ndikagonekedwa ku Blantyre, mulipira?" Yankho libwere pa imelo. La pakamwa pa foni silingakuthandizeni tsiku la mlandu.

Kenako masiku. Mawu akuti chaka chonse satanthauza kuti mungakhale kunja miyezi 12. Amatanthauza maulendo ambiri m'chaka, koma ulendo uliwonse uli ndi malire ake, kawirikawiri masiku 30, 45 kapena 90. Munthu wonyamuka pa 12 December n'kubwerera pa 20 January wakhala masiku 40. Ngati malire ake ndi 30, masiku khumi omaliza ali payekha, ndipo zikalata zina zimakana ulendo wonsewo chifukwa choti tikiti yobwerera inali kale kunja kwa malire. Onaninso tsiku limene inshulansi yakale ikutha. Likagwera muli kumudzi, lipirani musananyamuke, chifukwa makampani ambiri salola kuyamba inshulansi ulendo uli m'kati.

Oyenda pa ndege kuchokera ku OR Tambo kupita ku Chileka kapena ku Kamuzu International amakhudza mayiko awiri okha. Wa basi ya ku Park Station amadutsa anayi: Beitbridge kulowa Zimbabwe, Harare, Nyamapanda kulowa Mozambique, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, kapena Dedza kwa opita kuchigawo chapakati. Onetsetsani kuti Zimbabwe ndi Mozambique ali m'dera limene schedule ikutchula, ndipo sali pa mndandanda wa mayiko ochotsedwa. Funsaninso kuti chitetezo chimayamba pati: mukatuluka pakhomo kapena mukadutsa bodala? Kuchoka Johannesburg kufika ku Musina ndi mtunda wautali, ndipo wonsewo ndi South Africa. Chinanso, ndalama za kuchedwa kwa ulendo ndi kutayika kwa katundu nthawi zambiri zimaperekedwa pa ndege kapena basi yovomerezeka yopereka tikiti. Wokwera thiraki kapena kombi ya transipota yopanda tikiti amasowa umboni woti anali pa ulendo.

Gawo la chipatala ndilo lofunika nthawi yambiri. Musakopeke ndi chiwerengero chachikulu cha mamiliyoni a marandi chimene amalemba pamwamba. Pansi pake pali excess, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha pa claim (pempho loti akulipireni) iliyonse, ndiponso lamulo loti muimbire nambala yawo yogwira usana ndi usiku musanagonekedwe kapena mwamsanga mukangogonekedwa. Mukapanda kuimba, amadula ndalama kapena kukana. Yang'anani nambalayo. Ikakhala yoyamba ndi 0800, kawirikawiri sidutsa mukakhala pa Airtel kapena TNM; pemphani yoyamba ndi +27, muisunge m'foni, ina muilembe pa pepala mupatse wachibale amene mumafikira. Onani ngati akulipira ndege yonyamula wodwala kubwera naye ku chipatala cha kuno, chifukwa pa ngozi yaikulu ndalama zambiri zimathera pamenepo.

Matenda amene munali nawo kale, monga BP, shuga, mphumu, mtima, kapena ngati mumalandira ma ARV, ambiri sawalipira pokhapokha mutawanena ndipo iwo avomera molemba. Amayang'ana m'mbuyo miyezi isanu ndi umodzi kapena 12. Ndiye ngati m'chaka chathachi dokotala anakusinthirani mankhwala, kapena munagonekedwa, nenani pamene mukulipiranso ngakhale sanakufunseni. Kubisa kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma pa claim amapempha mafayilo kwa dokotala wanu ndipo zonse zimaonekera. Amayi oyembekezera aone malire a masabata, ndipo amene mukulembetsa makolo onani malire a zaka, popeza ena amachepetsa chitetezo munthu akafika zaka 65 kapena 70.

Malungo ali ndi msampha wake. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndipo munthu akakhala kuno zaka zingapo thupi limataya chitetezo chimene anakula nacho kunyanja kapena ku Lower Shire. Zizindikiro zimayamba patapita sabata kapena kuposerapo udzudzu utaluma, choncho ambiri amadwala atabwerera kale ku Joni. Nthawi imeneyo inshulansi ya ulendo imakhala itatseka, ndipo otsala ndi medical aid kapena chipatala cha boma. Zikalata zina zimafunanso kuti mukhale mutamwa mankhwala oteteza. Za kabaza nazonso muzione: ngozi ya njinga yamoto ambiri salipira ngati munalibe chipewa, kapena woyendetsa analibe laisensi, ndipo kumudzi kabaza wa zonse ziwirizi ndi wosowa.

Pa nkhani ya maliro ndi pamene anthu amakhumudwa kwambiri. Inshulansi imabweza ndalama ya tikiti ngati mwalephera kuyenda kapena mwadukiza ulendo chifukwa cha imfa ya wachibale, koma wachibale wa m'chikalata si wachibale wa kwathu. Amatchula mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, abale a bere limodzi, mwina agogo ndi apongozi. Malume amene anakulerani, azakhali, amayi aang'ono kapena msuweni kawirikawiri mulibe, ngakhale kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ndipo ngati womwalirayo anali kudwala kale musanagule tikiti, akhoza kukana. Dziwaninso kuti ndalama imeneyi ndi ya ulendo umene munakonza kale n'kusokonezeka; si yogulira tikiti yatsopano yopita kumaliro. Kunyamula thupi nakonso muwerenge bwino. Munthu akamwalirira pa ulendo, kampani imabweza thupi ku dziko limene chikalata chimati ndi kwawo, ndipo dzikolo likhoza kukhala South Africa pamene banja likufuna Malawi. Womwalirira ku Johannesburg komweko sali pa ulendo, choncho imeneyo ndi ntchito ya funeral cover kapena bungwe la maliro. Musasiye kusonkha kumeneko poganiza kuti inshulansi ya ulendo yakwanira.

Katundu amalipira wa munthu payekha: zovala, sutikesi, foni, laputopu. Pali malire a chinthu chimodzi, ndipo foni imene munagula chaka chino mwina yaposa malirewo. Mabelo a zovala, mafuta odzola, zida zamagetsi kapena zipangizo za galimoto zokagulitsa ku Limbe amaziwerenga ngati malonda, ndipo mulibe. Furiji ndi TV za mu thelera la basi musaziwerengerenso. Zinthu zodula amafuna zikhale m'manja mwanu, osati pansi pa basi. Katundu akabedwa, lipoti la apolisi a dera lomwelo limafunika msanga, kawirikawiri m'maola 24 kapena 48. Wa pa ndege akasowa kapena kuwonongeka, lembetsani Property Irregularity Report, lipoti la katundu la kampani ya ndege, musanatuluke pabwalo. Pa malamulo a Montreal Convention, pangano la mayiko la maulendo a pa ndege, kuwonongeka kumadandaulidwa molemba m'masiku 7, kuchedwa m'masiku 21. Marisiti ajambuleni lero.

Musanalipire, onani ngati simukulipira kawiri. Makhadi ena a banki amapereka inshulansi ya ulendo mukagula tikiti ya ndege ndi khadilo, ndipo medical aid zina zili ndi gawo la kunja kwa dziko. Zimenezi zimakhala zochepa, koma kwa woyenda kamodzi pa chaka, kuwonjezerapo pang'ono kapena kugula ya ulendo umodzi kumatsika mtengo kuposa ya chaka chonse. Wofuna visa ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, aonetsetse kuti ndalama ya chipatala ikufika 30,000 euro ndipo ikuphatikiza kubwezedwa kwawo. Mvula yamkuntho kapena mliri umene walengezedwa kale musanagule tikiti, monga zinalili ndi Cyclone Freddy mu March 2023, ambiri sawerengera.

Amene akukugulitsani, kaya ndi kampani kapena ejenti wa pa WhatsApp, akhale ndi nambala ya FSP (laisensi yogulitsira inshulansi) imene mungaifufuze kwa FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa, ndipo schedule itchule kampani yeniyeni imene idzalipire. Mukalipira kenako n'kupeza kuti sizikukuyenerani, malamulo a Policyholder Protection Rules amakupatsani masiku 14 oti muthetse inshulansi yopitirira masiku 31, ngati simunapange claim ndipo palibe vuto lotetezedwa ndi inshulansiyo limene lachitika. Claim ikakanidwa, muli ndi masiku 90 otsutsa kwa kampaniyo molemba, ndipo zikakanika pitani kwa National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo otere, imene inayamba ntchito mu March 2024 ndipo salipiritsa. Kumeneko adzafuna schedule, kalata yokanira ndi maimelo aja munawafunsa za pasipoti yanu.