Inshulansi ya kuntchito ikasanduka MERP, musataye pepala la EOB

Ndimagwira ntchito kuno ku America, ndipo chaka chatha abwana athu anasintha inshulansi ya zaumoyo. Nditatsegula mapepala atsopano ndinaona kuti deductible yakwera kufika pa $5,000. Mtima unandigunda, chifukwa imeneyi ndi ndalama yomwe munthu amayamba walipira yekha a inshulansi asanaikepo yawo. Pansi pake panali mawu oti MERP (Medical Expense Reimbursement Plan), ndondomeko imene bwana amabwezera antchito ndalama zimene alipira kuchipatala.

Zimayenda motere. Bwana amagula inshulansi yotsika mtengo yokhala ndi deductible yaikulu, kenako iye mwini amakubwezerani gawo la zimene mwalipira kuchipatala. Kuntchito kwathu ine ndimalipira $1,000 yoyamba, yotsalayo amabweza ndi abwana. Ndalama za MERP zimachokera m'thumba la bwana yekha, sazidula pa malipiro anu, ndipo malinga ndi Section 105 ya malamulo a msonkho, zimene akubwezerani sizilipiritsidwa msonkho.

Yambani ndi kupempha chikalata cha Summary Plan Description, chomwe chimafotokoza malamulo a MERP ya kuntchito kwanu, ku ofesi ya HR yoona za ogwira ntchito. Muwafunse kuti inu mumayamba kulipira zingati, ngati mankhwala ogula ku pharmacy alimo, komanso tsiku lomaliza lotumizira mapepala opempha kubwezeredwa.

Pomwe ndalama zimatayikira ndi apa. Bilu ya chipatala ikabwera musathamangire kulipira. Dikirani kaye pepala la EOB lochokera ku inshulansi, lomwe limaonetsa mtengo umene anagwirizana ndi chipatalacho, ndiponso gawo lotsalira inu. Kampani yoyendetsa MERP m'malo mwa bwana imafuna pepala limeneli kuti itulutse ndalama. Kwina limafika kumeneko lokha, kwina mumatumiza nokha. Ine ndinkayesa kuti limapita lokha, ndipo ndinadikira miyezi itatu ndalama osabwera, kufikira mnzanga wa kuntchito atandiuza. Masiku ano EOB ikangofika ndimaijambula pa foni n'kuitumiza tsiku lomwelo, kenako ndimaisunga pamodzi ndi risiti.

Amene mumasunga ndalama mu HSA (akaunti yosungiramo ndalama za kuchipatala zosadulidwa msonkho), funsani musanasayine chilichonse. MERP yomwe imayamba kubweza musanakwanitse deductible yochepetsetsa imene bungwe la msonkho la IRS linakhazikitsa imakuchotserani ufulu woika ndalama mu HSA, ndipo mukapitiriza kuikamo mudzalipitsidwa msonkho wa chilango.

Ngati mukuganiza zosiya ntchito, tumizani mapepala onse musanachoke. Nthawi zambiri ndalama zimene simunagwiritse ntchito zimatsalira bwana.