Musanagule paleti yakale, werengani chidindo chake

Matabwa akwera mtengo moti mabanja ambiri mu Blantyre akukhomera shelefu ya m'khitchini, benchi ya pakhonde kapena chitseko cha khola ndi mapaleti akale. Mapaletiwa, omwe ndi mathandala a matabwa osanjikapo katundu, amabwera atasenza katundu pa mathiraki olowera pa Mwanza kuchokera ku Beira ndi Johannesburg, ndipo katundu akatsitsidwa ku Makata, ku Chirimba kapena ku Limbe, ena amagulitsidwa motchipa. Nzeruyi ndimaiyamikira, chifukwa tonse tikuona mmene phiri la Ndirande lidayerera. Koma si paleti iliyonse yoyenera kulowa m'nyumba.

Musanatulutse ndalama, zungulirani paletiyo mpaka mupeze chidindo pa timitengo tochindikala ta m'mbali. Paleti yodutsa malire a mayiko imayenera kutsata lamulo la ISPM 15, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2002 poletsa tizilombo ta m'mitengo kufalikira. Pachidindopo pamakhala chithunzi chonga ngala ya tirigu, zilembo IPPC, ndi zilembo ziwiri za dziko: ZA ndi South Africa, MZ ndi Mozambique, CN ndi China. Zofunika kwambiri kwa inu zili mmunsi mwake. Mukaona HT, ndiye kuti thabwalo adalitenthetsa mpaka mkati mwake mudafika madigiri 56 kwa mphindi 30, popanda mankhwala. Imeneyo tengani. Mukaona MB, adalifukiza ndi methyl bromide, mankhwala a poizoni omwe kale alimi a fodya ankathira m'nazale. Imeneyo isiyeni ngakhale akupatseni ulele, ndipo zidutswa zake zisalowe pa moto wophikira.

Chidindo chimangokuuzani mmene thabwa adalikonzera, sichinena zomwe lidanyamula. Apa maso ndi mphuno zigwire ntchito. Paleti yokhala ndi madontho a dizilo, yoyera mbuu ndi feteleza, kapena yonunkha mankhwala a mbewu siyenera kukhala pomwe mumaika ufa ndi mbale. Paini wopangira mapaleti amamwa chilichonse chotayikira pa iye, ndipo kutsuka sikuchotsa zomwe zidalowa mkati. Yokhala ndi timabowo totuluka fumbi ndi yofumbwa, ikawononga mipando yanu ina. Zopentedwa buluu zolembedwa CHEP ndi zobwereketsa, eni ake sagulitsa, choncho musagule.

Pophwasula m'pamene matabwa ambiri amawonongeka. Misomali ya paleti ili ndi mizere yogwira thabwa zolimba, ndipo mukakanula mwamphamvu thabwa limang'ambika kumapeto. Menyani ndi hamala cha kumbuyo kuti pachite kampata, lowetsani sowo yodulira zitsulo, dulani msomali pakati, kenako gogodani mutu wake utuluke. Ngati mukufuna matabwa aafupi, ingodulani m'mphepete mwa misomaliyo. Valani nsapato zolimba, ndipo mukamaliza yendetsani maginito a sipika yakale pabwalo kuti atole misomali yonse. Ana amasewera opanda nsapato, ndipo bala la msomali wa m'dothi lingabweretse kafumbata. Maginito omwewo ayendetseninso pa thabwa lililonse musanapite nalo kwa akalipentala a ku Ndirande, poti kachitsulo kamodzi kobisika kamagumula mpeni wa makina opalira.

Ngati paleti idanyowa ndi mvula, sanjani matabwa pa mthunzi, pamwamba pa njerwa, ndi timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa. Lonyowa mukalikhoma limapindika likamauma. Kumapeto kwa thabwa yambani mwaboola musanakhome msomali. Chiswe chimakonda paini, choncho miyendo ya benchi isagunde dothi. Za panja pakani mankhwala oteteza matabwa a Solignum, za m'nyumba kwechani ndi sandipepa n'kupaka vanishi. Oyilo wakale wa galimoto asayandikire shelefu ya chakudya. Denga musamangire matabwa amenewa, ndi opyapyala ndiponso aafupi moti sangagwire malata pa mphepo ya mvula yoyamba.