Momwe mungadziwire mtengo weniweni wa nyumba ya lendi mu mzinda wa Zomba

Aliyense amene wafunafuna nyumba ya lendi ku Zomba m'zaka zaposachedwapa akudziwa kuti ndalama imene mwini nyumba amatchula pakamwa si yokhayo imene imatuluka m'thumba mwezi ukatha. Mzindawu, umene unali likulu la dziko lino mpaka mu 1975, ndi waung'ono, koma ofuna pokhala ndi ochuluka: ophunzira ndi aphunzitsi a University of Malawi, ogwira ntchito pa chipatala chachikulu cha Zomba, asilikali, apolisi komanso a ku National Statistical Office. Nyumba zikachepa chonchi, wofuna lendi amafulumira kuvomera, ndipo amadzazindikira mochedwa kuti wadzimangirira katundu wolemera.

Choyamba, mvetsani chimene chikukweza mitengo, chifukwa chidzakuthandizani pokambirana. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene zinakweza mitengo ya simenti, malata ndi utoto. Eni nyumba ambiri anakweza lendi potengera zimenezi, ngakhale ena amene nyumba zawo sizinaonepo utoto kwa zaka zambiri. Chinanso ndi kalendala ya yunivesite. Sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa, zipinda za ku Chikanda, dera loyandikana ndi yunivesiteyo, zimalimbiranidwa, ndipo mwini nyumba amaona kuti kulowetsa ophunzira angapo m'chipinda chimodzi, aliyense akulipira payekha, kumabweretsa ndalama zambiri kusiyana ndi kupereka nyumba yonse kwa banja limodzi. Ngati mungathe kusankha nthawi yosamukira, funani nyumba ophunzira ali pa tchuthi.

Chachiwiri, yendani ndi mapazi anu m'madera osachepera atatu musanasankhe. Funsani ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino, ndipo ngati thumba lanu likulola, onaninso ku Kalimbuka ndi ku Mulunguzi. Musafunse mwini nyumba yekha. Amene amadziwa zoona ndi anthu okhala kale pa lendi m'dera lomwelo, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsewu angakuuzeni ndalama imene amene anatuluka m'nyumbayo ankalipira komanso chimene chinawatulutsa.

Mukapeza mitengo, khalani pansi ndi kope n'kuphatikiza zonse. Tiyerekeze kuti nyumba ina ndi ya K150,000 pa mwezi ndipo ili pafupi ndi kuntchito kwanu, pamene ina ndi ya K120,000 koma imafuna K2,000 tsiku lililonse ya kabaza kapena minibasi popita ndi pobwera. Masiku 22 ogwira ntchito akukwana K44,000, kutanthauza kuti nyumba yooneka yotchipayo ikukudyerani K164,000, tisanawerenge ulendo wa ana opita kusukulu. Masamu amenewa ambiri amawanyalanyaza, komatu ndi amene amapatsa munthu ngongole pakati pa mwezi.

Chachitatu, ndipo apa ndi pofunika kudekha, iyang'anitsitseni nyumbayo masana dzuwa likuwala. Kwezani maso ku siling'i: mawanga ofiirira ozungulira akusonyeza kuti denga limadontha, ngakhale mwini wake atalumbira kuti anakonza. Gwirani khoma cha m'munsi, pafupi ndi pansi, muone ngati utoto ukusupuka kapena pali chinyontho. Zomba imalandira mvula yambiri chifukwa cha phiri lake, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangachite chibwana ndi nyumba yomangidwa m'chigwa kapena pafupi ndi mtsinje wa Likangala. Tsegulani mpopi muone mphamvu ya madzi, kenako pemphani kuona bilu yomaliza ya Southern Region Water Board kuti musalowe m'ngongole ya munthu wina. Funsaninso ngati mita ya madzi ndi ya magetsi ndi yanu nokha kapena ndi yogawana. Mita yogawana ndi gwero la mikangano yambiri pakati pa anthu a mpanda umodzi, chifukwa wina amaphikira magetsi tsiku lonse pamene mnzake amangoyatsa mababu awiri, koma pogula mayunitsi amasonkha mofanana.

Chachinayi, chenjerani ndi madobadoba. Ena amagwira ntchito moona mtima, koma musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba chifukwa cha chithunzi chimene mwaona pa Facebook kapena pa WhatsApp. Gwirizanani za malipiro a dobadobayo musanayambe ulendo, ndipo lendi yeniyeniyo muipereke kwa mwini nyumba mutakumana naye maso ndi maso. Ngati nyumbayo ndi ya Malawi Housing Corporation ndipo amene akukupatsani naye ndi wa lendi, kafunseni kaye ku ofesi ya bungwelo, kuopera kudzatulutsidwa ndalama zanu zitapita kale.

Chomaliza ndi pangano lolembedwa. Eni nyumba ambiri amafuna ndalama ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo popeza ndalamayo ndi yochuluka, muli ndi mphamvu yopempha kuti mtengo usasinthe kwa chaka chathunthu. Pepalalo linene ndalama ya lendi, tsiku lolipira, miyezi imene mwini nyumba ayenera kukudziwitsani asanakweze lendi kapena asanakutulutseni, komanso amene adzalipire denga likadontha kapena mpopi ukaphulika. Anthu ena amachita manyazi kupempha pepala poganiza kuti akunyoza munthu wamkulu, koma mukhoza kulankhula mwaulemu kuti, “Bambo, tilembe kuti tonse tisadzaiwale zimene tagwirizana lero.” Musaine nonse pamaso pa mboni, aliyense asunge pepala lake. Tsiku lolowa m'nyumba jambulani ndi foni manambala a pa mita zonse ziwiri, galasi lililonse losweka ndi loko aliyense wovuta, ndipo zithunzizo mutumizirenso mwini nyumba tsiku lomwelo katundu asanatsitsidwe m'galimoto.